Mmene wamalonda a makemikolo mu Lusaka angakonzekere kafukufuku wa kuzemba msonkho wa anti-dumping

Aliyense amene ali ndi nyumba yosungiramo katundu kudera la mafakitale mu Lusaka, makamaka ngati amagulitsa makemikolo, tsiku lina akhoza kulandira pempho looneka ngati mwayi. Munthu wakunja amaimba foni kapena kulemba pa WhatsApp kuti ali ndi makontena a citric acid amene afika padoko la Dar es Salaam kapena la Beira, ndipo akungofuna kuti katunduyo atsitsidwe mu Lusaka, alongedwe m'matumba atsopano okhala ndi dzina la kampani ya kuno, kenaka apitirize ulendo ndi satifiketi yonena kuti anapangidwa m'Zambia. Ndalama zimene amalonjeza pa tani iliyonse zimaposa kutali thukuta la ntchitoyo. Chimene munthuyo akulipira kwenikweni ndi dzina la Zambia pa chikalata, chifukwa dzinalo lingamupulumutse ku msonkho waukulu wa anti-dumping umene dziko lolandira katunduyo linaika pa makemikolo a kumene iye wawagula. Ofufuza akadzatulukira, kalata yoyamba imafika kwa mwini dzina lolembedwa pa thumba. Nchifukwa chake ndalemba malangizo awa, ndipo ndawandandalika motsatira mmene ntchitoyo imayendera, kuyambira katundu asanagulidwe mpaka ofufuza ataima pachipata chanu.

Choyamba: dziwani chimene msonkhowu ukulondola

Pa malonda a pakati pa mayiko, mawu akuti dumping amatanthauza kugulitsa katundu kunja pa mtengo wotsika kuposa umene katundu yemweyo amagulitsidwa nawo kwawo kumene anapangidwa. Tiyerekeze kuti fakitale ikugulitsa tani imodzi pa madola 1,000 kwawo, koma kunja ikugulitsa pa madola 700. Kusiyana kwa madola 300 kumeneko, kukayerekezedwa ndi mtengo wa kunjawo, ndi pafupifupi 43 peresenti, ndipo dziko lolandira likhoza kuika msonkho, wotchedwa anti-dumping, wofika pamenepo ngati latsimikiza kuti mafakitale ake akupwetekedwa ndi katunduyo. Malamulo ake ali m'pangano la WTO, bungwe loona za malonda pa dziko lonse, limene Zambia inalowamo pa 1 Januwale 1995. Panganolo limati kafukufuku athe m'miyezi 12, ndipo zivute zitani asapitirire miyezi 18. Limati kusiyana kwa mtengo kosafika 2 peresenti kusawerengedwe. Limatinso msonkhowo uthe pakapita zaka 5 pokhapokha utaunikidwanso n'kupezeka kuti ukufunikabe.

Msonkho umenewu umaikidwa pa katundu wakutiwakuti wochokera kudziko lakutilakuti, ndipo nthawi zambiri fakitale iliyonse imene inayankha mafunso a ofufuza imapatsidwa mlingo wakewake. Apa ndi pamene ozemba amapezera mpata. Ena amadutsitsa katundu m'dziko lachitatu n'kumusintha mapepala. Ena amamusakaniza pang'ono ndi chinthu china kuti agwere pa nambala ina ya kasitomu. Ena amatumiza katundu wosamalizidwa kuti akangoyeretsedwa kwina, ndipo ena amagwiritsa ntchito invoisi ya fakitale imene ili ndi mlingo wotsika. Zonsezi zinachitikapo pa makemikolo. Dziko la United States linaika msonkho pa glycine wa ku China mu 1995, ndipo mu 2012 linagamula kuti glycine wa ku China woyeretsedwa ku India akuzemba msonkhowo. European Union, mu Januwale 2016, inakuza msonkho wa citric acid wa ku China kuti ukhudzenso wotumizidwa kuchokera ku Malaysia, ndipo mu 2020 inachita chimodzimodzi pa monosodium glutamate wosakanizidwa ndi zinthu zina.

Mfundo imodzi imene amalonda ambiri saidziwa ndi yakuti pangano la WTO silinalembe malamulo a kuzemba kotere. Nduna zimene zinasaina mapangano ku Marrakesh mu 1994 zinasiyira nkhaniyi komiti, ndipo dziko lililonse linadzilembera malamulo ake. Choncho malamulo amene adzakuweruzeni ndi a dziko kumene katundu akupita, ngakhale inuyo musanapondeko phazi.

Chachiwiri: tchulani katundu wanu molondola

Dzina la pa thumba silokwanira. Kemikolo iliyonse ili ndi nambala ya kasitomu ya mu Harmonized System, imene bungwe la World Customs Organization ku Brussels limayang'anira, ndipo manambala 6 oyamba ndi ofanana m'mayiko onse ogwiritsa ntchito dongosololi. Makemikolo ambiri ali m'mitu 28 ndi 29, feteleza ali m'mutu 31, ndipo zosakaniza zambiri zili m'mutu 38. Citric acid ndi 2918.14, caustic soda wouma ndi 2815.11, soda ash ndi 2836.20, monosodium glutamate ndi 2922.42. Palinso nambala ya CAS, imene imatchula kemikolo yeniyeniyo mosatengera dzina lamalonda: ya citric acid wopanda madzi ndi 77-92-9, ya glycine ndi 56-40-6. Lembani manambala onse awiri, yerekezani ya CAS ndi imene ili pa safety data sheet (pepala lofotokoza kemikoloyo ndi kuopsa kwake), ndipo akasiyana imitsani malondawo kufikira wogulitsa atalongosola.

Mukatero fufuzani ngati msika umene mukutumizako uli ndi msonkho wa anti-dumping pa nambala imeneyo. Ku South Africa ndi mayiko anzake a mu mgwirizano wa kasitomu wa SACU amene amafufuza ndi bungwe la boma la South Africa la ITAC, ndipo bungwe la misonkho la SARS ndi limene limatolera msonkhowo ku South Africa. Ku European Union zigamulo zimasindikizidwa mu Official Journal, ku United States mu Federal Register. Muwerenge mawu ofotokoza katunduyo m'chigamulomo, chifukwa ku United States mawuwo ndi amene amalamula, ndipo nambala imangoikidwa kuti ithandize akasitomu.

Chachitatu: londolani katundu mpaka kufakitale musanalipire

Gawo ili ndi limene limapulumutsa anthu ambiri, komanso ndi limene ambiri amalidumpha chifukwa cha changu. Funsani wogulitsa dzina la fakitale imene inapanga katunduyo ndi mzinda umene ili. Mupemphe certificate of analysis ya fakitaleyo, chikalata cha zotsatira za kuyeza katunduyo, chimene chimakhala ndi nambala ya batchi (gulu la katundu wopangidwa nthawi imodzi) ndi tsiku lopangira. Mupemphe bill of lading (chikalata cha kampani ya sitima) yoyambirira, yosonyeza doko limene kontena inakwezedwa m'sitima, osati yachiwiri yolembedwa ku Dubai kapena ku Singapore ayi. Nambala ya kontena imakhala ndi zilembo 4 ndi manambala 7, ndipo makampani a sitima amalola munthu kuona pa intaneti madoko amene kontenayo inadutsa. Invoisi ikanena dziko lina pomwe kontena inakwezedwa kudziko lina, wogulitsa ayenera kufotokoza ndi zikalata, osati ndi pakamwa.

Katundu akafika, pitani nokha mukaone. M'ntchito yanga ya mapepala a kasitomu ndinaimapo m'nyumba ina yosungiramo katundu mu Lusaka, mnyamata wogwira ntchito atang'amba thumba limodzi la makilogalamu 25 limene linaboola panjira. Kunja kwake thumbalo linali loyera, lodindidwa mwaudongo ndi dzina la dziko lina la ku Asia. Mkati munali thumba lachiwiri la pulasitiki, ndipo pakona pake panali nambala ya batchi yolembedwa ndi zilembo za dziko lina ndithu. Pa msoko wa pamwamba pankaoneka mizere iwiri ya timabowo ta singano, umodzi wokhala ndi ulusi, wina wopanda, kusonyeza kuti thumbalo linasokedwa kawiri. Mwini katunduyo, bambo wachikulire amene wagulitsa makemikolo moona mtima kwa zaka zambiri, anangokhala pa phaleti n'kugwira njakata, chifukwa theka la katunduyo anali atagulitsa kale kunja ndi mapepala amene anapatsidwa. Kuyambira tsiku limenelo ndimauza aliyense kuti atsegule matumba angapo a m'katikati mwa kontena, ayang'ane pansi pa chomata cha pa dramu ngati pali zotsalira za guluu wakale, ajambule zithunzi, ndipo asunge sampulo yotsekedwa bwino ya batchi iliyonse.

Zizindikiro zina zimaoneka pa mtengo ndi pa khalidwe la wogulitsa. Ngati dziko limene likutchulidwa silidziwika kuti lili ndi fakitale ya kemikoloyo, ngati mtengo ukufanana ndi wa dziko lokhomedwa msonkho ngakhale katundu wayenda ulendo wautali wozungulira, ngati ndalama akufuna zitumizidwe ku kampani ina m'dziko lina, kapena ngati akukana kuti muone fakitale ngakhale pa vidiyo, musaike dzina lanu pa malondawo.

Chachinayi: dziwani ntchito imene imasintha kwawo kwa katundu

Likulu la COMESA, bungwe la malonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, lili momwemuno mu Lusaka, pa msewu wa Ben Bella, ndipo malamulo ake ndi amene ambiri a ife timagwiritsa ntchito potumiza katundu. Kuti katundu awerengedwe kuti ndi wa dziko la COMESA ayenera kukwaniritsa imodzi mwa njira zovomerezeka: akhale wopangidwa yense m'dzikomo, kapena zipangizo zochokera kunja zisapitirire 60 peresenti ya mtengo wa zipangizo zonse, kapena ntchito yochitika m'dzikomo iwonjezere osachepera 35 peresenti ya mtengo wa katundu potuluka m'fakitale, kapena zipangizo zakunja zisinthidwe kufikira katunduyo atagwera pa mutu wina wa nambala ya kasitomu. SADC ili ndi malamulo ake olembedwa pa mtundu uliwonse wa katundu, ndipo AfCFTA, mgwirizano wa malonda wa mayiko a mu Africa, umene malonda ake anatsegulidwa pa 1 Januwale 2021, uli ndi akenso. Koma onsewa amagwirizana pa mfundo iyi: kulongedza, kusintha matumba, kumata dzina latsopano, kusungunula ndi madzi chabe ndi kusakaniza kopepuka sizisintha kwawo kwa katundu.

Pa makemikolo funso lofunika ndi lakuti kodi m'fakitale mwanu mukuchitika kusintha kwenikweni kwa kemikoloyo, kotulutsa chinthu china chatsopano. Sulphuric acid wotuluka m'ng'anjo zosungunulira mkuwa ku Copperbelt ndi wa ku Zambia popanda kukayika, chifukwa amapangidwa kuchokera ku mpweya wa ng'anjozo. Caustic soda wogulidwa kunja ali wouma n'kusungunulidwa mu thanki mu Lusaka amakhalabe wa kumene anachokera. Mukumbukirenso kuti satifiketi ya COMESA kapena ya SADC imathandiza pa msonkho wamba wa pamalire, koma siyimanga manja a ofufuza a dziko lina. Lamulo la European Union, Regulation 2016/1036, pa ndime 13, lili ndi muyeso wake pa ntchito yolumikiza katundu m'dziko lachitatu: zipangizo zochokera kudziko lokhomedwa msonkho zikafika 60 peresenti kapena kuposa ya mtengo wa zipangizo zonse, ntchitoyo ikhoza kuwerengedwa kuti ndi kuzemba, pokhapokha ngati phindu lowonjezedwa likuposa 25 peresenti ya mtengo wopangira.

Chachisanu: mangani fayilo ya katundu aliyense tsiku lomwelo

Ofufuza amafika patapita chaka kapena kuposa, pamene wosunga katundu anasiya ntchito ndipo foni imene inali ndi mauthenga inatayika. Pa kontena iliyonse sungani pamodzi pangano logulira, invoisi, mndandanda wa zolongedzwa, bill of lading, satifiketi ya kumene katundu anapangidwa, certificate of analysis, umboni wa kubanki wa malipiro, chikalata cholowetsera katundu cha mu ASYCUDA World (dongosolo la pa kompyuta la kasitomu) ndi malisiti a bungwe la misonkho la ZRA, mapepala a lole a pa Nakonde, Chirundu, Kazungula kapena Mwami, ndi chilolezo cha bungwe la zachilengedwe la ZEMA ngati kemikoloyo ili m'gulu la zapoizoni zimene lamulo la Environmental Management Act la 2011 limayang'anira. Katundu wongodutsa m'Zambia kupita kumalire a DRC ku Kasumbalesa akhale ndi umboni wakuti anatulukadi ndipo bondi (chikole cha msonkho) inamasulidwa, ndipo asasakanizidwe m'buku limodzi ndi katundu wolipiridwa msonkho kuno.

Ngati ndinu wopanga weniweni, umboni wanu wamphamvu uli m'zinthu zimene simuziganizira. Ofufuza amatenga kuchuluka kwa katundu amene munatumiza n'kufunsa ngati makina anu akanatha kumupanga. Amayerekeza matani otuluka ndi matani a zipangizo zimene munagula, ndi mabilu a ZESCO, ndi madzi, ndi chiwerengero cha antchito amene mumawalipirira penshoni ku NAPSA. Kuno kwathu pali chinthu china chimene mlendo sangachimvetse payekha: m'miyezi ya kuzimazima kwa magetsi, monga mu 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba, bilu ya ZESCO imatsika pomwe fakitale ikugwirabe ntchito ndi jenereta. Wofufuza akaona bilu yaing'ono ndi katundu wambiri amaganiza zachinyengo. Malisiti a dizilo ndi buku la maola a jenereta ndi zimene zidzakulankhulireni, choncho muzisunge monga mmene mumasungira ndalama. Ine ndimalangiza kusunga zonsezi zaka zosachepera 6, papepala ndi pa kompyuta.

Chachisanu ndi chimodzi: kalata ikafika

Kalata ingabwere m'njira zitatu. Ingachokere ku ZRA, pamene akasitomu a dziko lina apempha kuti satifiketi imene munatumiza nayo katundu itsimikizidwe. Ingachokere kwa kasitomala wanu wakunja, amene katundu wake wagwidwa ndipo akufuna zikalata mwachangu. Ingachokerenso kwa ofufuza enieniwo, ili ndi mndandanda wautali wa mafunso. Tsiku lomwe yafika lembani tsiku lomaliza loyankhira pamalo oonekera, sankhani munthu mmodzi woyang'anira nkhaniyo, letsani antchito kufufuta kapena kukonza chikalata chilichonse, ndipo funani loya kapena katswiri wodziwa malamulo a dziko limene likufufuzalo.

Nthawi imakhala yochepa. Pa kafukufuku wamba wa dumping, pangano la WTO limapatsa otumiza katundu masiku osachepera 30 oyankhira mafunso. Ku European Union kafukufuku wa kuzemba amatha m'miyezi 9, ndipo kuyambira tsiku loyamba akasitomu amalemba m'kaundula katundu yense wolowa, kuti chigamulo chikadzatuluka msonkho utoleredwe kubwerera mpaka tsiku limenelo. Ku United States, pansi pa lamulo la Enforce and Protect Act limene linasainidwa mu Febuluwale 2016, bungwe la kasitomu la CBP lili ndi masiku 15 ogwira ntchito oti liyambe kafukufuku likalandira dandaulo lomveka, masiku 90 oti liike njira zoyembekezera monga kufuna ndalama za chikole pa katundu, ndi masiku 300 oti ligamule, amene angawonjezedwe ndi 60. Ngati mukuona kuti simumaliza, pemphani masiku ena mwa kalata tsiku lomaliza lisanafike, ndipo mupereke chifukwa chenicheni.

Kukhala chete ndiko kulakwitsa kwakukulu kumene ndimakuona. Ambiri amaganiza kuti boma lakunja lilibe mphamvu pa kampani ya mu Lusaka, ndipo nzoona kuti silingakumangeni pano. Koma malamulo amalola ofufuza kugamula potengera umboni umene ali nawo ngati inu simunayankhe, ndipo umboniwo kawirikawiri umachokera kwa amene anakudandaulirani. Ku European Union msonkho ukakuzidwa kuti ukhudzenso dziko lachitatu, umakhudza katundu yense wa mtunduwo wotumizidwa kuchokera kudziko lachitatulo, ndipo opanga enieni amapulumuka pokhapokha atapempha kuti apatulidwe n'kupereka umboni. Izi zikutanthauza kuti chinyengo cha kampani imodzi chikhoza kutsekera msika mafakitale onse a m'Zambia opanga katundu womweyo, ndipo ine nkhani imeneyi imandiwawa, chifukwa mafakitale athu a makemikolo ndi ochepa kale.

Poyankha, tsatirani mafunso monga alembedwera, ndipo chiwerengero chilichonse chikhale chotengedwa m'mabuku anu a ndalama. Konzani mayankho awiri: achinsinsi okhala ndi mitengo ndi mayina a makasitomala, ndi ena apoyera ofotokoza mwachidule, chifukwa amene anakudandaulirani ali ndi ufulu woona apoyerawo. Mukapeza kuti munalakwitsa m'mbuyomu, kapena kuti wogulitsa anakupusitsani, nenani nokha ndipo mupereke zikalata zimene iye anakupatsani. Ngati kulakwitsako kukukhudza satifiketi kapena chikalata cholowetsera katundu kuno, kaonaneni ndi ZRA iwo asanakupezeni, chifukwa kunama pa chikalata cha kasitomu ndi mlandu pansi pa Customs and Excise Act, Chapter 322, ndipo katundu akhoza kulandidwa.

Chachisanu ndi chiwiri: tsiku la alendo

Ofufuza akhoza kupempha kudzaona fakitale. Amadziwitsa boma ndi kampani pasadakhale, ndipo kukana kumawerengedwa ngati kusagwirizana nawo. Amasankha mainvoisi angapo mwa kufuna kwawo n'kulondola iliyonse kuchokera ku oda ya kasitomala mpaka ku ndalama zolowa kubanki, kenaka kubwerera ku batchi ndi zipangizo zake. Konzani chipinda, mafayilo, wowerengera ndalama ndi woyang'anira makina amene amadziwa ntchitoyo ndi manja ake. Makina agwire ntchito monga masiku onse. Musapake utoto usiku, musabwereke makina kwa mnzanu, ndipo musaphunzitse antchito mawu oti akanene, chifukwa anthu amenewa ayenda m'mafakitale ambiri ndipo amadziwa thanki imene imagwira ntchito poona dzimbiri, fungo ndi mapaipi ake. Wantchito wosamasuka m'Chingelezi ayankhe m'Chinyanja ndipo pakhale womasulira. Sungani kope ya pepala lililonse limene alendowo atenga, ndi ndandanda ya mafunso amene afunsa.

Ngati inu ndinu wopwetekedwa

Wopanga wa m'Zambia amene akuona katundu wakunja akugulitsidwa motsika mokayikitsa ali ndi njira ziwiri, ndipo asazisokoneze. Ngati vuto ndi satifiketi yonama ya COMESA kapena SADC, nambala yabodza ya kasitomu kapena mtengo wochepetsedwa pa invoisi, imeneyo ndi nkhani ya kasitomu, ndipo imapita ku ZRA pamodzi ndi zithunzi za matumba, nambala za batchi, sampulo ndi malisiti a kumene munagula katunduyo pamsika. Ngati mapepala ali olondola koma mtengo ndi wotsika kuposa wa kwawo, imeneyo ndi nkhani ya dumping, ndipo imayambira ku Unduna wa Zamalonda ndi Mafakitale. Pangano la WTO limafuna kuti pempho lotere lithandizidwe ndi opanga amene katundu wawo akuposa theka la katundu wa onse amene anenapo maganizo, komanso osachepera 25 peresenti ya zonse zopangidwa m'dziko, choncho kambiranani kaye ndi anzanu kudzera ku Zambia Association of Manufacturers. Mudzafunika mitengo ya kudziko lopangalo, mitengo yolowera kuno, ndi mabuku anu a zaka zingapo osonyeza kutsika kwa malonda, phindu ndi ntchito za anthu. Muonenso kuchuluka kwa katunduyo, chifukwa wochokera kudziko limodzi akakhala wosafika 3 peresenti ya katundu yense wa mtunduwo wolowa m'dziko, pempholo limagwa, pokhapokha ngati mayiko ang'onoang'ono oterowo ataphatikizidwa akuposa 7 peresenti.